Afiti M'chitenge cha Kampeni

Zipani zitachuluka, salaula, zovala zakale zochokela kunja, nayo inasefukila pamsika wa ku Petauke, ndipo m'mabelo ena, pansi pa majekete, munkatuluka mabuku onenepa ngati njelwa. Mdzukulu wanga wamkazi ndiye ankawatola. Pachikuto cha lina panali chinjoka chamapiko chikulavula moto, pa lina nkhalamba ya imvi itagwila ndodo yowala.

Atasinkhuka anapeza anzake pa intaneti, m'kashopu ka makompyuta ku boma. Ati amalembelana za alembi: uyu amadziwa kupanga mfiti yabwino, uja mfiti zake n'zozizila. Mfiti yabwino! Anthu oti sanaonepo ng'anga ikuloza munthu ndi mchila pakati pa mudzi, ndiwo akugawila afiti mamalikisi ngati aphunzitsi.

"Ambuya, n'zopeka chabe," anatelo.

"Nanga zimene amanamizila nkhalamba, iwe, zimakhala zoona?"

Ife tinachoka ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, n'kukhazikika ku Nyampande. Ana tinabatizitsa kuno, malilo tinaika kuno, koma mwana wa eni mudzi akadwala, maso amayambila pakhomo pathu. Ndiye tsiku lina mai wina wa m'kwaya anabwela, ati kudzapempha mbeu ya lepu. Mbeu ndinamupatsa, koma maso ake anali pamphasa, pa buku la nkhalamba ya ndodo ija.

"Amai, awa ndi abale anu? Imvi zafanana," anatelo akuseka.

Ndinaseka naye. Kuseka kumene kumathela kwa ng'anga ndimakudziwa. Mwana wake anali gone ndi malungo.

Mdzukulu anayamba kulila, ati ndiwatentha mabuku ake. Kutentha? Kuti anthu aone utsi, anene kuti ndikubisa zithumwa? Ndinatulutsa zitenge za kampeni, pakuti ine ndinkalandila za chipani chilichonse osakhulupilila n'chimodzi chomwe. Buku lililonse ndinalisokela m'nsalu, nkhope ya wopempha voti ili pamwamba.

Mai uja atabwelanso kudzasuzumila, anatola buku, n'kuyang'anitsitsa nkhopeyo.

"Ha! Kansi nyumba ino ndi ya chipani ichi?"

Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti ndife otsutsa. Za ndodo yowala anaiwala. Feteleza wa boma wa chaka chimenecho anatidumpha, chimanga chinachita chikasu, koma ng'anga sinaponde pakhomo panga, ndipo ndinakhalabe m'nyumba yanga. Mdzukulu naye akali kukangana ndi anzake osaoneka aja za mfiti yabwino.