Dizilo ya Amuna Anga ndi Bwato la Alamu

Amuna anga sanali a njanji. Ndiyambe ndanena zimenezi, chifukwa anthu akamva za masitima awo amayesa kuti ankagwira ntchito kumeneko. Iwo ankangosenza mabelo a thonje pa siteshoni ya Salima nyengo ya thonje, likatha nkubwerera kumunda. Masitima amene ndikunena ndi a zitini, opanga okha ndi manja. Yomaliza mwa iwo ndi imene mng'ono wawo anafuna kuidula amuna angawo atamwalira, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umanditentha.

Tinakwatirana njanji itangofika kumene ku Salima, nkhondo yaikulu isanayambe. Anabwera chikamwini kwathu kwa Maganga kuchokera kwawo kunyanja, cha ku Lifuwu. Abale awo onse anali asodzi, koma iwo madzi sankawafuna. Ankati bwato limapita kumene mphepo yafuna, sitima imapita kumene yanena.

Tsiku lofika sitima ankasamba m'mawa, kuvala malaya awo abwino, nkuuyamba wapansi. Sankakwera ayi. Ankangoima pambali nkumaonerera: mmene mutu wa sitima ukumwera madzi pa thanki, mmene munthu wamoto akuponyera malasha, mmene akuutembenuzira kuti uyang'ane kumene wachokera, poti masiku amenewo njanji inkathera pa Salima pomwepo. Pobwera ankandipeza pamtondo nkuyamba kusimba.

"Lero yabwera yotopa ija, mayi. Ikamapuma imachita ngati nkhalamba yokwera chulu."

"Nanga mchere ndinakutumani uja?"

"Aa, mchere. Sitima inachedwa, mayi."

"Ndiye ndiwo tithiremo utsi?"

Ankangoseka.

Anayamba ndi mapesi ndi chiwale, koma chiswe chinkadya. Kenaka Mchawa wina wosula nyali za koloboyi pamsika anawaphunzitsa kudula chitini ndi kuchilumikiza ndi mtovu wosungunula. Kuyambira pamenepo kachitini kalikonse kotayidwa kanali chuma. Kuseri kwa nkhokwe anayala njanji ya nsungwi zong'amba. M'mimba mwa kasitima ankaikamo chitsononkho choyaka kuti utsi uzituluka pachumuni, nkumakoka ndi chingwe cha khonje, atawerama, mutu uli ndi imvi kale.

Ine sindinkadandaula kwambiri. Munda ankalima, mowa sankamwa, dzanja sanandiikepo. Amene sankatopa kuwaseka ndi mng'ono wawo uja, alamu anga, msodzi wa pakamwa pakuthwa. Akabwera kudzationa ankayamba asanakhale nkomwe pansi.

"Achimwene, kodi sitimayi ifika liti ku Lifuwu? Ndili ndi utaka wofuna kupita ku Limbe."

"Njanji ikafika," ankayankha amuna anga, maso ali pa ntchito yawo.

Ndiye alamuwo ankatembenukira kwa ine. "Alamu, mwalera bwino mwana wanuyu. Mano ayamba liti kumera?" Tsiku lina anafika ponena kuti poti tinabereka ana aakazi okhaokha, achimwene awo anaona kuti pakhomo pakusowa mnyamata, nkusanduka mnyamatayo iwo eni. Ndinasekera mano okha. Amuna anga anangopukuta chingwe chawo nkukachipachika.

Nkhondo itatha, patapitanso zaka, tsiku lina anabwera kuchokera ku siteshoni ali duu. Ndinayesa kwagwa maliro.

"Kwabwera ina," anatero. "Akuti dizilo. Ilibe chumuni, ilibe malasha. Sudziwa kuti kumaso nkuti, kumbuyo nkuti. Imangong'ung'udza."

Poyamba anaida. Ankaitcha bokosi loyenda, nkumati zakale zija adzazitaya ngati ng'ombe zokalamba. Koma ankapitabe kukaiona, ndipo ndinadziwa kuti yawalowa pamene ndinawapeza akujambula pansi ndi kamtengo chinthu chachitali chopanda chumuni.

Dizilo inkafuna chitini chachikulu, chosalala, chopanda dzimbiri. Chitini chotere pakhomo pathu chinali chimodzi: changa, cha palafini, chimene ndinasinthanitsa ndi mpunga wopuntha ndekha kusitolo ya Mmwenye. Ndinkatungira madzi. Chinali chopepuka pamutu, ndipo ukapunthwa sichisweka ngati mtsuko. Tsiku lina pochoka kudimba ndinachipeza chili chofunyulula pansi, atachikhomerera ngati chikopa cha mbuzi padzuwa.

Ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa. Iwo anadikira ndimalize, nkunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, mtsuko ulipo." Ndinabwerera kumtsuko, khosi nkumandiwawa chilimwe chonse.

Koma ndisaname, chimene chinatuluka m'chitini chija chinali chokongola. Kutalika kwake ngati mkono wanga wonse. Mazenera sanaboole, ankati kuboola kufooketsa mbali zake. Anangowalemba ndi phula, mzere wowongoka, ndipo molumikiza monse anamata bwino moti ngakhale madzi sakanadontha. Chinawavuta ndi kulira kwake, poti dizilo ilibe utsi woti uonetse. Anaganiza masiku angapo, kenaka anagwira bemberezi woboola phaso la khonde lathu, nkumulowetsa pa kachitseko kamene anasiya kunsi. Bemberezi atayamba kulira m'chitinimo, ine ndemwe ndinaima ndi mtsuko pamutu. Inali dizilo yeniyeni. Akamaliza kukoka ankatsegula kachitseko kaja nkunena kuti, "Dalaivala aweruke."

Sanaikoke nthawi yaitali. Mvula itayamba anadwala chifuwa, ndipo chimanga chisanamasule anatisiya. Dizilo inali kumutu kwa mphasa yawo.

Kwathu kuno munthu akamwalira, adzukulu, amene amakumba manda ndi kuika maliro, ankatenga mbale yake ndi chikho chake nkuziboola ndi msomali, nkukaziika pamtumbira. Chinthu chikabooledwa chotero ndi cha wakufa. Palibe wamoyo angachigwirenso. Tsiku la maliro mkulu wa adzukulu analowa m'nyumba, natenga mbale ndi chikho, kenaka ananyamula dizilo ija.

"Uwu ndiye unali mtima wawo," anatero. "Apite nawo."

Ine ndinali pansi pakati pa amayi. Mumtima ndinkati aisiye, ndikhale nako kanthu koyang'ana, koma wamasiye salankhula pa zotere. Amene analankhula ndi alamu. Anagwira mkono wa mkulu uja.

"Isiyeni imeneyo. Musaiboole." Ndiye anandiyang'ana ine ndi nkhope yachifundo. "Alamu, ikhale."

Ndinakwawa ndi mawondo kuchoka pamene ndinali, ndinagwada pamaso pawo, nkuomba m'manja. Ndinawathokoza ndikulira. Ndinkati munthu uyu ankaseka ndi pakamwa pokha, koma mkulu wake ankamukonda. Masiku onse a maliro ndinkauza aliyense za ubwino wa alamu anga.

Titameta, linafika tsiku logawa katundu ndi kundisudzula, kutanthauza kundimasula ku ukwati kuti abale a mwamuna asakhalenso ndi mawu pa ine. Mwambo wake ngwakuti za mwamuna zimabwerera kwa abale ake. Zimenezo ndinkazidziwa ndipo sindinkatsutsa. Tinakhala pabwalo dzuwa lili pamutu, alamu ndi anthu awo mbali iyi, ife mbali iyo, atsibweni anga, amene anali ankhoswe a ukwati wathu, ali pakati. Pamphasa panali khasu, nkhwangwa, jekete, nyundo ndi lumo lodulira zitini. Alamu anatenga zonse. Kenaka anati masitima abwerenso.

Akale aja anangowagogoda ndi chala. Anali adzimbiri, opsa ndi moto wa zitsononkho. "Awa atha," anatero, nkuwakankhira pambali ndi phazi. Dizilo anaiika pamiyendo. Anaitembenuza, naiyang'anitsa padzuwa ngati munthu wofuna kuona ngati lichero labooka. Kenaka anatambasula chikhatho nkuyamba kuyeza mbali yake, chala chachikulu apa, chaching'ono apo.

"Mbali iyi ikwana mng'alu wakumutu," anauza mnzawo amene anakhala naye pafupi. "Inayi ipita pansi. Denga titsekera pamene panadya chiswe paja."

"Mukuyeza chiyani, alamu?" ndinafunsa.

"Bwato langa likumwa madzi, alamu. Zigamba zake zimafuna chitini chosalala, chosaboola. Chotere nchosowa."

Ndinawayang'anitsa. "Ndiye nchifukwa chake munaletsa adzukulu tsiku lija?"

Sanachite ndi manyazi omwe. "Nanga chitini chabwinobwino nkukachiwoletsa kumanda? Achimwene anasewera nacho, chakwana. Tsopano chigwire ntchito ya akuluakulu."

"Ndinakugwadirani, alamu."

"Ndinakutumani ndine?"

Ndinaimirira, chinthu chimene wamasiye sachita pabwalo lotere. Ndinati chitinicho chinali changa, cha mpunga wanga, ndipo mudzi wonse ukudziwa kuti ndinasenza mtsuko chilimwe chonse chifukwa cha icho.

"Iwe, khala pansi," anatero atsibweni. "Chitini chinali chako, inde. Koma chili apachi si chitininso. Ndi ntchito ya manja a malemu, ndipo ya malemu imapita kwawo."

"Ngati si chitini, atsibweni, nanga alamu akuyezapo chiyani?"

Amayi ena kumbuyo kwanga anaseka nkudzitseka pakamwa ndi nsalu. Atsibweni sanaseke. Anati mwambo sutsutsidwa ndi mkazi wolira, ndipo nkhani yatha. Alamu anali atatola kale lumo la akulu awo nkumaliyesa ngati likadali lakuthwa. Lumo lomwelo limene linadula dizilo kuti ikhalepo.

Ndinakhala pansi. Nditapuma pang'ono ndinati, "Chabwino. Ndiloleni ndikaipukute, isapite ndi fumbi la kwathu."

Anandipatsa. Ndinapita nayo kuseri kwa nkhokwe, pamene panali njanji ya nsungwi ija, udzu utayamba kale kumera pakati pake. Nyundo inali itapita, koma misomali ya amuna anga ndinkadziwa pamene ankaibisa, m'chigoba cha nkhono pansi pa nkhokwe. Ndinatenga waukulu, ndi mwala umene ndinkaswera mtedza.

Kumenya koyamba kunandivuta. Ndinaika msomali pa zenera loyamba ndikukumbukira mmene ankalembera mazenerawo ndi kanthenga, lilime lili panja. Ndinamenya. Kenaka zenera lachiwiri, lachitatu, mpaka mzere wonse. Ndinaitembenuza, mbali inayo chimodzimodzi. Denga ndinaliboola kuyambira uku mpaka uko. Sindinasiye malo okwana ngakhale chikhatho cha mwana.

Pabwalo anamva kugogoda, koma ankayesa ndikuwongola gudumu. Nditatulukira ndili nayo m'manja, dzuwa likudutsa m'mabowo nkumagwera pansalu yanga, ndinalunjika pakati pa bwalo. Ndinaiika pamphasa patsogolo pa alamu.

"Nayi. Tengani."

Anabweza mapazi msanga ngati ndawaikira njoka. Panalibe wosadziwa tanthauzo la chinthu cha malemu chobooledwa ndi msomali.

"Mkazi iwe!" Ulemu wa chilamu unathera pomwepo. "Wandiphera bwato!"

"Akulu anu munawaseka ali moyo. Alekeni akwere sitima yawo."

Anakulunga khasu, nkhwangwa ndi zina zija m'jekete, nanyamuka ndi anthu awo osandisudzula. Anati ndikhala womangika mpaka nditaphunzira ulemu. Atsibweni anakhala nyengo yaitali osaponda pakhomo panga, ati ndawachititsa manyazi pamaso pa alendo. Dizilo inagona pabwalo pomwepo, popanda woigwira, mpaka mmawa mwake mkulu wa adzukulu uja anabwera, naitenga, nkupita nayo kumanda.

Anthu ena amati ndinapambana. Ndinapambana chiyani? Ine ndinkaifuna m'nyumba mwanga, kumutu kwa mphasa, yosabooka monga anaisiyira mwini wake. Anandifikitsa poti ndiiwononge ndi dzanja langa, ine amene ndinasenza mtsuko kuti ikhalepo. Mwambo wa katundu sindiuda, unandipeza ndipo udzandisiya. Chimene sindikhululuka ndi kugwada kuja. Munthu anandiyang'ana ndikukwawa ndi mawondo pa maliro a mkulu wake, ndikumuombera m'manja, iye mumtima akuwerengera ming'alu ya bwato lake.

Ndipo mwezi usanathe ndinamva kwa amayi ogulitsa usipa kuti bwato lija labwerera pamadzi. Alamu anapeza chitini china kwa Khombedza, mosavuta nkomwe. Zitini zinalipo. Chimene chinalibe china ndi chija chokha.

Anadzandisudzula titakolola chaka chotsatira, abale awo atawakakamiza. Anabwera atanyamula chambo chonona pachingwe, ati tiiwale zakale. Ndinalandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu, ndipo mwambo unachitika mpaka kutha. Atapita ndinapereka chambocho kwa anansi. Nsomba za bwato limenelo sindinadyepo.