Kapu ya Ulusi Wofiira

Ndikakumbukira aNgozo, oyandikana nawo nyumba kwathu ku Tsangano, ndimamva fungo la sopo wa m'chipatala losakanikirana ndi la dothi lonyowa la m'munda wa mbatata ya kachewere. Anali munthu wamfupi, wadazi, wosavula jekete ngakhale polima, ndipo ankasamba m'manja pafupipafupi moti amayi ankati tsiku lina khungu lidzawathera. Anthu ankawatcha Dokotala mowaseka, poti aliyense ankadziwa kuti ku chipatala chachikulu cha ku Blantyre ntchito yawo inali yokolopa ndi kukankha odwala pamachira, m'wodi ya matenda a ubongo. Eni ake sankabisa. "Ine ndinali wa tsache," ankatero, "koma maso ndinali nawo."

Ine ndinayamba kugwa khunyu ndili Sitandade 4. Kunyumba anandipatulira mbale yangayanga ndi kapu yomangidwa ulusi wofiira pachogwirira, kuti wina asalakwitse n'kumwera. Anthu ankati thovu la wakhunyu likakukhudza basi watenga. Makolo anga sindiwaimba mlandu, anali ndi ana ena anayi ndipo ankaopa. Koma kapu ija ndinkaida ndi mtima wanga wonse.

Tsiku lina, nthawi yokumba kachewere, ndinagwa pamsewu pomwe anthu ankapakira matumba m'lole. Zimene zinachitikazo ndinachita kuuzidwa. Akuti anthu anabalalika ngati aona njoka, kupatula azakhali anga amene anathamangira supuni yoti andilowetse m'kamwa, ati ndingameze lilime. ANgozo anawagwira mkono. "Chotsani supuniyo mayi, mumugulula mano. Lilime silimezeka." Anapinda jekete n'kunditsamiritsa, kundigoneka cham'mbali, kenako n'kumangoyang'ana wotchi. Nditatsitsimuka ndinawapeza akundipukuta thovu ndi dzanja lawo lenilenilo, uku akukalipira wa lole kuti azimitse injini.

Nkhaniyo inafika kusukulu. Makolo ena anadandaula, ndipo bambo anagamula kuti ndisiye sukulu, ndizikhala pakhomo. Ndinalira sabata yathunthu, ndikusuzumira anzanga pazenera akudutsa m'nkhungu ndi makope awo m'majumbo.

Loweruka m'mawa aNgozo anatulukira. Amayi anawathirira thobwa m'kapu ya alendo, koma iwo analoza pamsomali pomwe pankakolekedwa yanga.

"Ndipatseni iyo."

"Imeneyotu ndi ya Esinati, bambo," amayi anatero motsitsa mawu.

"Ndaiona. Thirani."

Anamwa mosafulumira, n'kupempha kuti awawonjezere, bambo akungoyang'ana pansi.

"Bambo a Esinati, odwala otere ndawanyamula mpaka tsitsi kundithera. Andisanzirapo, andilumapo. Munandionapo nditagwa? Mwanayu nzeru ali nazo, kungoti m'mutumu nthawi zina mumachita ngati mawaya a magetsi agundana. Mankhwala alipo. Mukamutsekera m'nyumba, womudwalitsa mukhala inuyo."

Bambo anati aganizepo kaye.

"Muziganizira m'basi," anayankha aNgozo. "Tinyamuka Lolemba."

Ndivomere kuti nthawi imeneyo sindinkawakonda kwenikweni. Chigwereni pamsewu paja anayamba kundilondalonda ndi mafunso: ndinagona bwanji, ndinamva fungo lanji ndisanagwe, dzanja liti linayamba kunjenjemera. Anakafunsa amayi, azakhali, ngakhale aphunzitsi anga, zonsezo akulemba m'kakope kakale ka mdzukulu wawo. Ine ndinkangoti madalawa ngokonda za eni.

Ku chipatala cha ku Blantyre kuja tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Titalowa, dokotala wa ubongo, bambo wamtali wa magalasi, anaimirira n'kuwagwira chanza aNgozo ndi manja awiri. Anawerenga kakope kaja tsamba ndi tsamba, nati theka la ntchito yake lagwiridwa kale. Anandilembera mankhwala, n'kulembanso kalata yopita kwa ahedi. Bambo anainyamula okha kalatayo m'thumba la malaya, ndipo Lolemba linalo anandiperekeza mpaka pakhomo la kalasi, chinthu chimene anali asanachitirepo mwana aliyense.

Patapita zaka, dokotala wa magalasi uja atamwalira, wailesi inalengeza ndipo nyuzipepala zinalemba za anthu amene anawapulumutsa. Zinali zomuyenera, inenso ndinalira. ANgozo anatsatira patangopita miyezi yochepa, atafa ziwalo mbali imodzi. Iwowo uthenga wawo unangoyenda pafoni, ndipo ine unandipeza mwambo wa maliro utayamba kale. Zimandiwawa mpaka lero kuti sindinawathokozepo ndi pakamwa panga.

Pano ndimaphunzitsa kufupi ndi Manjawira, ndipo mankhwala ndikumwabe. Tsiku loyamba la chaka chilichonse, ndisanalembe kalikonse pabolodi, ndimaima kutsogolo n'kunena kuti, "Ana inu, aphunzitsi anu amadwala khunyu. Ndikagwa musathawe, ndikuuzani chochita." Chaka ndi chaka ndimakweza mawu kuti ndi okhala kumbuyo omwe amve.