Tsiku Limene Bambo Anaitanitsa Nsapato

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anamwalira. Tinkakhala atatu m'chipinda chimodzi, mu hositelo ya anthu odikira mapepala okhalira m'dziko muno, kufupi ndi Citywest ku Dublin. Zenera linkatseguka pongokwana dzanja, moti fungo la mankhwala ndi la zovala zosauma linkangozungulira momwemo. Kumudzi sitikanabwerera, chifukwa kutero kukanakhala kutaya zaka zonse zimene tinadikira yankho la boma.

Asanabwere kuno, bambo anali kondakitala wa minibasi ya ku Thyolo, munthu wosatseka pakamwa. Khansa inawadya mpaka kutsala mafupa okhaokha, koma pakamwa paja inapalephera.

M'mawa wa tsikulo, nesi amene ankabwera kudzawaona anatiitanira kunja kwa chipinda. Chizungu cha kuno chinkawathamangira amayi, choncho womasulira ndinali ine. Nesiyo sanazungulire: kwatsala lero kapena mawa, ndipo ngati wodwala ali ndi chimene akufuna, achite lero. Ndinamasulira nditayang'ana pansi.

Amayi anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. "Iwe Tadala, usayerekeze kuwauza. Munthu wamoyo sauzidwa zimenezo. Ukufuna uwaphe ndiwe?"

Ndi mmene timachitira kwathu. Wodwala timamuuza kuti achira ngakhale aliyense akuona kuti zavuta. Pofika masana chipinda chinali chitadzaza ndi azimayi a kutchalitchi, ena ochokera ku Lucan komwe, akadali mu yunifolomu za kuntchito. Anaimba, anapemphera, anadzudzula mzimu wa imfa mpaka a chipinda chinacho anagogoda khoma. Bambo akati, "Nditulutseniko panja," yankho linali, "Mukachira, achimwene." Akapempha tchipisi cha viniga, "Mukachira." Ndinakwiya nawo azimayi aja, ngakhale anali anthu abwino. Tsiku linkatha ndikuliona.

Nthawi ya chakudya itakwana, amayi anatsika ndi alendo aja kukantini, poti mu hositelo ukachedwa umagona ndi njala. Bambo anandikodola.

"Mzungu uja wati bwanji?"

Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira masiku onse, kuti zonse zili bwino.

"Ndiyankhe m'Chichewa."

Bodza lija linakana kutuluka kachiwiri. "Akuti lero kapena mawa, bambo."

Ndinkayembekezera kuti alira. M'malo mwake anati, "Nanga mukundichedwetseranji? Bweretsa nsapato."

Amayi anandipeza nditagwada, ndikumanga zingwe za nsapatozo. Mbama inandipeza pakhutu.

"Musiyeni mwana, mayi a Tadala," anatero bambo. "Zaka zonsezi ndagona muno kudikira anthu ena andiganizire zochita. Lero lokha mundilole ndisankhe ndekha."

Tinawatsitsa pa njinga ya odwala, titawafunditsa mabulangete awiri. Mphamvu zawo zinatifikitsa pa siteji ya basi kunja kwa geti, osapitirira. Kunkawaza kamvula kozizira kaja. Tchipisi chimene tinawagulira anangochinyambita mchere n'kundipatsa ine. Kenaka anayamba ntchito imene anatulukira.

"Tamvera. Tsiku lina udzapita kwanu. Ukafika ku Limbe usathamangire minibasi yooneka yodzaza, theka la anthuwo ndi aganyu ongokhalira mipando. Ikanyamuka, Chigumula, Bvumbwe, Thunga. Pa Thunga utsike, ulowere kumanzere mpaka pa chigayo. Kuseri kwake kuli azakhali ako. Bwereza."

Ndinabwereza. Anati sizinamveke, ndiitanire ngati kondakitala. Ine mwana wamanyazi ndinaima pa siteji ya ku Dublin n'kukuwa, "Bvumbwe, Thunga, Thyolo! Awiri atsala!" Azungu odikira basi anacheuka. Amayi, amene nthawi yonseyi anali chilili pambali, anaseka misozi ili mbwee, n'kuyamba kutsutsa kuti pa chigayo umalowera kumanja. Anakangana ngati ali pakhomo pawo, mpaka bambo anagonja.

Bambo anatisiya m'mawa mwake, ndipo tinawaika konkuno. Amayi sananenepo kuti ndinachita bwino, komanso sanandidzudzulenso.

Lero ndimasamalira okalamba ku Drumcondra, ndipo ndaona masiku omaliza a anthu ambiri. Ndikudziwa tsopano kuti mawu aja akuti "mukachira" amachokera m'chikondi, koma anatsala pang'ono kuwalanda bambo anga tsiku lokhalo limene linali lawolawo. Munthu akadziwa kuti latsala limodzi safuna zazikulu. Amafuna kupereka chimene watsala nacho, ndipo iwo anali atatsala ndi njira yokha.

Mapepala atatuluka ndinali kale mtsikana wamkulu. Ndinapita ndekha, ndinatsika pa Thunga, ndinalowera kumanja pa chigayo, osafunsa munthu. Azakhali, atatha kulira, anandifunsa kuti wandiperekeza ndani.

Ndinati, "Bambo."