Fulashi imodzi ya Tusajigwe

Tusajigwe Mwaipopo ndamudziwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuyambira pamene ankatayipa makalata a anthu m'kachipinda ka kuseri kwa siteji ya basi ku Tukuyu. Ndi mayi wa zala zofulumira, pakamwa pakenso chimodzimodzi. Makina ake a riboni atatha, anagula kompyuta yakale ya patebulo, ndipo m'menemo ndi momwe ndinasungitsa chuma changa.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma malire a minda ya nthochi ya banja lathu ndimawadziwa. Kwa zaka ziwiri ndinkapita kwa iye Lachiwiri lililonse, ine kunena, iye kulemba: mtengo uti ndiwo malire, ndani anapatsa ndani, pamaso pa yani. Anakwana masamba makumi asanu ndi limodzi. Sitinasindikize, ndinkati timalize kaye. Ndinkafuna kuti ndikadzafa, ana anga asadzalandidwe munda ndi Lugano, mwana wa mkulu wanga, amene amasuntha malire ndi maso okha.

Kenaka kompyuta ija inayamba kudwala. Kuti iyake, tiyi ankayamba wazizira.

"Mzee Mwambungu, ndichotsa zonse zoyendetsa makinawa, ndiikamo pulogalamu ina yotchedwa Linakisi," anatero Tusajigwe. "Ndinaiona kwa mnzanga ku Mbeya. Imathamanga ngakhale pa chigoba ngati ichi, ndipo ndi yaulere."

"Mwini wake ndani?"

"Palibe. Amaikonza anthu ambirimbiri, ngati kulambula msewu. Aliyense angathe kusuzumira m'kati mwake."

"Iwe unasuzumiramo?"

"Aa, Mzee, inu basi imene mumakwera ija munaipangapo?"

"Mwana wanga, chaulere chokha chimene ndikuchidziwa ndi nyambo ya pa mbedza."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Dzina ndi limodzi lomwe silisowa. Ndikopera kaye zonse pa fulashi iyi." Anandionetsa kanthu kangati chala.

Lachiwiri lotsatira ndinapeza kompyuta ikuyaka msanga, koma mwini wake atazizira. Sanandipatse moni wake wachipongwe.

"Khalani pansi, Mzee. Masamba anu kulibe."

Anafotokoza osabisa nkhope. M'mawa anakopera mafayilo onse pa fulashi. Masana anafuna fulashi yoikira Linakisi mu kompyuta, ndipo popeza anali ndi imodzi yokhayo, anatenga yomweyo. Makina anamuchenjeza kuti zonse za pa fulashipo zifufutika, koma iye anali akukangana ndi kasitomala za chidindo, anangodina osawerenga. Atatero anauza makina kuti asese kompyuta yonse. Nkhokwe anaitentha, mbewu ili m'kati.

"Lugano wakupatsa chiyani?" ndinafunsa.

"Mzee!"

"Ndinamuona pakhomo pano mwezi watha."

"Ankajambulitsa chitupa. Ndikanafuna kukunamizani ndikanati ndi vairasi, kapena ndi Linakisi imene mumaida kale. Mukanandikhulupirira lero lomwe. Koma makina ananena zoona. Wosawerenga ndine."

Ndinapita kunyumba osatsanzika. Milungu itatu ndinkayendera malire m'mawa uliwonse, kuona ngati pali mtengo wadulidwa. Ndinafunsanso mphunzitsi wina wodziwa makompyuta, osatchula dzina la munthu. Iye anati ndi momwedi zimachitikira, ndipo ambiri analirapo chotero. Sindinene kuti mtima unagwa pansi. Ndingoti bodza sindinalipeze.

Loweruka lina ndinaona Tusajigwe akukwera chitunda cha kwathu, kope m'manja, nsapato zili matope okhaokha.

"Yambani, agogo a mkwiyo," anatero. "Mtengo woyamba uja wa mapeyala anabzala ndani? Sindisiya mpaka tsamba lomaliza libwerere."

Kuyambira pamenepo amabwera Loweruka lililonse, kutseka kachipinda kake tsiku la msika. Akakatayipa amasindikiza pomwepo, ine ndimaika m'sutikesi, ndipo amasunganso pa mafulashi awiri, ina kwa iye, ina m'thumba la jekete langa. Kompyutayo siinadwalenso, zimenezo ndivomera, ngakhale mwini wa chinthu chaulerecho sindinamuonebe.

Tafika pa tsamba la makumi anayi ndi limodzi. Otsalawo ndi a munda wa kumtsinje, womwe Lugano amauyang'anitsitsa, ndipo mutu wanga wayamba kutaya maina. Tusajigwe akuti mvula isanagwe tikhala titamaliza. Ine ndikuwerenga ma Loweruka.