Tsiku limene Mayi Ramla anaimitsa jeneza

Mayi Ramla Usumani sadziwa kukhala pansi. Ngakhale kale akugulitsa tomato pa Ulongwe, pampando pawo pamakhala dengu, eni ake ali chiimire. Atasankhidwa ukhansala, kenako kukhala wapampando wa khonsolo, mkazi woyamba chiyambire, anthu anati tsopano apuma. Iyayi. Anachotsa onse ogulitsa m'mphepete mwa msewu, ndi mlamu wawo wa chinangwa yemwe. Anthu analongolola mpaka kutopa.

Chimene chinawasowetsa mtendere ndi maliro. Kwa Asilamu akuno mkazi safika kumanda, chonsecho akuluakulu amayankhulira komweko. Galimoto yonyamula malemu apeze ndi iwo, koma wokayankhula ndi kuthokozedwa akhale a Jimu, wachiwiri wawo, iwo atatsala pakhomo ndi amayi.

"Wapampando wa kumaphikidwe," amatero amuna pobwera, akusasa dothi m'manja.

Makhansala anali pafupi kuvoteranso mpandowo, ndipo Mayi Ramla amadalira voti ya khansala mnzawo, a Bilali. Ndiye bambo awo a Bilaliwo anamwalira. Tsikulo mayiwa analowa m'nyumba, kutuluka, kumanga chitenje, kumasula, kumanganso. A Jimu anali akukonza kale kukhosi. Amuna atasenza jeneza, chonyamulira maliro, mayiwa anangozindikira aima pakati pa njira.

"Taimani kaye, abambo. Ine ndiyankhulira pompano."

"Mayi, maliro sadikira," anatero a shehe chapansipansi. "Dzuwa likupita."

"Inenso ndadikira, a shehe."

Anayamba ndi kupepesa, n'kulowa za mjigo, za mlatho, za zonse zimene a Jimu anathokozedwa nazo. Onyamula jeneza amalandirana akuyenda, koma tsikulo analandirana mapewa ataima. Mayi Ramla anaziona, pakamwa osatheka kutseka. Anaonanso a Bilali akuyang'ana zala za kumapazi.

Pa chisankho a Bilali anavotera a Jimu, mpando n'kupita.

Lero abwerera ku tomato, mkati mwa msika, moyandikana ndi mlamu uja anamuchotsa kumsewu. Jeneza likamadutsa amasiya kuitanira malonda, n'kumasanja tomato wosanja kale.

"Takhalani pansi, a wapampando," amawaseka mlamuyo. "Uwu sakulandani."

"Ndikhala, alamu," amayankha, akusunthira dengu pampando.