Mbawala ya Alamu m'Khola Langa

Alamu anga, amuna a achemwali, amaganiza ndi m'mimba. Anabwera kwathu chikamwini atachotsedwa ntchito yothyola tiyi, ndipo chimene anapeza chochita ndi kutchera mawaya m'nkhalango ya ku Chambe. Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Ndinaweta nkhosa za munthu wina ku Thuchila mpaka anandipatsa kamsoti. Kanakula, kanaswa, ndipo chaka chimene ndikunenachi kanali ndi bere lina. Pakhomo ponse chimene ndinkati changa chinali nkhosa imeneyo ndi ana ake.

Tsiku lina masana ndinapeza alamu akutuluka m'khola langa, manja ali magazi okhaokha. M'kati, pansi pa udzu, munali mbawala yakufa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Tsitsa mawu, iwe. A folesiti ali m'mudzi muno. Amasecha m'nyumba ndi kukhitchini, koma m'khola salowa. Amaopa kudetsa nsapato."

Anaseka, ati nzeru. Ine ndinafukula udzu. Nkhupakupa zamawangamawanga zinali zitayamba kale kutsika m'makutu ndi m'mimba mwa nyamayo. Nyama ikazizira izo zimanyamuka kukasaka magazi otentha. Ndinagwira mwendo kuti ndiikokere panja, amayi n'kutulukira.

"Ukufuna mlamu wako amangidwe chifukwa cha tizilombo? Siya!"

Fungo la ndiwo linali litawafika kale. Ndinati basi nkhosa zigone panja. Alamu anakana, ati a folesiti akaziona panja akayikira. Zinagona momwemo, pamodzi ndi mtembo, mpaka a folesiti anachoka mawa lake.

Ndinazichotsa nkhupakupa ndi zala, ndinapopera mankhwala, koma zina zimabisala kunsi kwa mchira ndi pakati pa ziboda. Patapita masabata msoti wanga unasiya kudya. Kenako unayamba kuzungulira malo amodzi ngati chidakwa, n'kugwa, miyendo ikupalasa m'mwamba ngati wakabaza pa chitunda. Thovu kukamwa. A vetenale pofika anapeza nkhosayo yatha kale. Anaing'amba n'kundionetsa madzi achikasu atazinga mtima. Anati ndi tizilombo timene nkhupakupa zimatenga ku nyama za m'tchire: mbawala imayenda nato bwinobwino, nkhosa ndiye imafa.

Alamu anali ataima kumbuyo kwathu, manja m'thumba.

"Zabodza izo. Pali amene wakuchitira nsanje, mlamu. Nkhosa yozungulira chonchija ndi mankhwala a anthu."

Munthu wamkulu, wandevu, mbawala anadya yekha ntchafu yonse! A vetenale atangokwera njinga, alamu analowa kukhitchini n'kutuluka ndi mbale.

"Chiwindi chokha, mlamu. Chisawonongeke."

Mbaleyo ndinaiponya pa denga la bafa. Achemwali anakuwa kuti ndilibe ulemu, amayi anati ndatengera ukali wa malemu bambo. Ndinakumba dzenje kuseri kwa nthochi, ndinaikamo nkhosa ndi kamwana kake ka m'mimba, n'kuthira parafini pamwamba kuti wina asadzafukule, ndipo winayo sindikunena agalu.

Zotsalazo ndinazikusa kubwerera nazo ku Thuchila, kwa munthu uja. Zili kumeneko mpaka lero, ndimapalasa njinga kukaziona. Khola langa lili pululu. Alamu anandifunsa tsiku lina ngati ndikuligwiritsabe ntchito.