Mlamu Wanga ndi Madzi Osambitsira Galu

Galu wanga ndimamusambitsa ndekha, dzuwa likakwera. Ku Mzuzu kuno madzi a pampopi nyengo yozizira amachita kuluma, ndipo galu ukamuthira amenewo amanjenjemera mpaka madzulo, mawa lake n'kuyamba kutsokomola. Ndiye ndimatereka pang'ono pambaula, n'kusakaniza ndi ozizira, n'kuviikamo chigongono monga achitira amayi posambitsa khanda. Chigongono chikapanda kudandaula, madzi ake ndi omwewo. Chikhatho sindichikhulupirira, makamaka changachi chomwe chinauma ndi matumba a simenti.

Chaka chomwe ndikunenachi, sitolo ya zipangizo zomangira yomwe ndimagwirako ntchito mtauni inayamba kutsegula Loweruka lonse, tsiku lomwe ndinkasambitsa galu. Apo n'kuti kunyumba kwathu ku Nkhorongo kutabwera mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, kuchokera ku Nkhata Bay, ati kudzafuna ntchito. Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake. Galu sanamufune kuyambira tsiku loyamba, ankamuuwa ngakhale akungopita kuchimbudzi.

Pasanapite nthawi mlamuyo anapeza anzake awiri a ku Salisbury Lines. Ankabwera kudzasewera bawo pansi pa mtengo wa mapeyala, koma maso awo sankakhala pabawopo, ankangoyendayenda m'mazenera. Tsiku lina mmodzi anandifunsa akuseka, "Dada, galu wanuyu amaluma zenizeni, kapena n'phokoso chabe?"

"Muyeseni," ndinamuyankha.

Funso limenelo linandikhala pamtima. Mlendo wabwino amafunsa za ana, osati za mano a galu.

Kenako galu anasintha. Anasiya kumuuwa mlamu, akamuona ankangolowa m'khola mwake mchira uli pakati pa miyendo. Ndikatenga beseni, ngakhale lochapira, ankathawira kuseri kwa nthochi. Nditamugwira ndinapeza kuti pamsana ubweya wathothoka malo aakulu ngati chikhatho, khungu lili psuu. Makala nawonso ankatha msanga kuposa kale.

"Mlongo wanu akumuchita chiyani galuyu?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Mwayambatu, bambo. Munthu akukuthandizani kumusambitsa poti inu mulibe nthawi, ndiye walakwa?"

"Ndinamutuma ndani? Akuba sayamba ndi chitseko, amayamba ndi galu. Amamuziziritsa kaye. Ndikamupeza akuchita zachilendo, tsiku lomwelo anyamule chikwama chake."

"Apite kuti? Kumudzi anagulitsa ndi ukonde womwe."

"Akafunse anzake a bawo aja."

Anangopitiriza kusankha nyemba. Ankadziwa kuti ndikanena ndanena.

Loweruka lotsatira ndinapempha kuchoka masana. Ndinakwera njinga yamoto, koma ndinatsikira patali kuti phokoso lake lisandiulule. Mkazi wanga anali atapita kumsika. Ndisanafike pageti ndinamva galu akulira, osati kuuwa, kulira kwenikweni kopempha thandizo. Ndinasuzumira pampata wa mpanda. Galu anali atamangidwa kumtengo wa mapeyala ndi tcheni chachifupi. Pambali pake panali ndowa ikufuka nthunzi, mbaula ili ngwee ndi moto, ndipo mlamu wanga anali atatunga kale madzi m'kapu, akuyandikira.

Geti ndinalimenya ndi phazi.

"Ikani pansi kapuyo!"

Anadzidzimuka, madzi n'kutayikira pafumbi, nthunzi n'kukwera.

"Alamu! Mwawerako luwiro, msanga chonchi? Ndimati ndimusambitse..."

"Kumusambitsa kapena kumusosola? Mwamuona ngati nkhuku?"

Ndinamugwira pamkono n'kumukokera pandowa paja. "Pisani dzanja."

"Ayi, alamu, ngotentha chomene."

"Pisani! Si mumati ngosamba?"

Anakana, akukoka mkono wake. Ndinaviika nsonga ya chala changa n'kuchichotsa msangamsanga. Madzi amenewo ukanaponyamo masamba a tiyi akanapsa.

"Nkhupakupa, alamu," anatero. "Zadzaza m'makutu ndi pamsana. Kwathu nsikidzi zikavuta timatulutsa bedi panja n'kulithira madzi owira, zonse zimafa ndi mazira omwe. Ndiye ndinati nkhupakupa nazo n'chimodzimodzi. Ndimathirako ozizira pang'ono, komanso galu ali ndi ubweya, sangamve kwambiri."

"Galu ndi bedi? Mwamvapo bedi likulira chonchi?"

Ndinakalipa kwambiri, moti mayi wa nyumba yoyandikana nafe anatulukira pampanda mpango uli m'manja. Zomwe ndinanena sindingazilembe zonse. Pokalipapo ndinkamuyang'anitsitsa kumaso, kufuna kuona ngati ndi umbuli weniweni kapena umbuli wovala. Munthu wochenjera amadziwa kudzipusitsa. Koma zoti kwawo amathira bedi madzi owira ndi zoona, ndinaziona ndi maso anga nditapita kukacheza kwa apongozi. Ndipo nkhupakupa zinalipodi, zonenepa ngati nyemba.

Ndinamasula galu. Anadzipanikiza pamiyendo panga akunjenjemera.

"Katungeni madzi ozizira pampopi," ndinamuuza mlamuyo. "Mudzaze chidebe. Mukabwera nawo muime uko."

Anathamanga. Ndinasakaniza ndekha, pang'onopang'ono, ndikuviika chigongono mpaka madzi anangokhala ofunda. Galu poyamba anakana, koma madzi atamukhudza mwendo anaima. Ndinamusambitsa ndi mankhwala a nkhupakupa omwe anali pawindo la kukhitchini nthawi yonseyi, ndikulambalala pabala paja, kenako n'kumupukuta ndi chiguduli n'kumukhazika padzuwa.

Mkazi wanga anandipeza ndikutsuka beseni. Anaona mbaula, ndowa, ndi mlongo wake ataima pakona manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu wochedwa. Anatula dengu.

"Ndiye bwanji, bambo? Azipita?"

Kumuthamangitsa munthu chifukwa cha kupusa n'kovuta, poti opusa tikanawathamangitsa onse m'tauni muno mukanatsala nyumba zokha. Chomwe ndinalibe ndi umboni woti ankafuna zoipa.

"Akhale," ndinatero. "Koma galu asamukhudzenso, ngakhale kumupatsa fupa. Bawo azikasewerera komweko kwa anzakewo. Iwowo pano asapondenso."

"Yewo, alamu. Yewo chomene," anatero mlamu uja, akuwomba m'manja.

"Musandithokoze. Ndikukuonani."

Anakhala nafe mpaka anapeza ntchito yaulonda pasukulu ina, n'kukapeza kachipinda kake. Anzake aja sanabwerenso, ndipo ndinamva kuti ngakhale kucheza naye anasiya. Mkazi wanga amati anzakewo anachita mantha ndi mkwiyo wanga womwe mbiri yake inafika mpaka kwawo. Mwina. Koma ine ndimadzifunsabe kuti ngati ankangofuna bawo, n'chifukwa chiyani ubwenzi unatha galu atangoyambanso kuuwa.